Kodi Ndani Amadya Pagome Lanu?

Lemba la phunziro: Luka 14:12-14.

1. Kodi nchiyani m'thupi la munthu chimasonyeza kuti Mlengi anafuna kuti kudya kukhale kosangalatsa?

MUNTHU akadwala chimfine, ngakhale ndiwo zimene amazikonda koposa zimamveka zozizira m'kamwa. Chifukwa chake nchakuti kukoma kwa chakudya sikumadalira pa lilime lokha. Lilime limazindikira kutsekemera, mchere, kuŵaŵasa, kuŵaŵa, ndi kukoma kwina konga kwa msuzi wa nyama, kumene wasayansi wa ku Japan, Kikunae Ikeda, anakulongosola mu 1908. Koma m'mphuno muli timaselo tozindikira fungo ta mitundu pafupifupi 400, ndipo timeneti ndito timathandiza munthu kusiyanitsa nsomba yootcha ndi nyama yootcha, kapena mango ndi papaya. Thupi likanatha kupeza nyonga ngakhale chakudya chikanakhala chopanda fungo ndi kukoma. Komabe, Yehova anapanga munthu mwa njira yakuti kudya kukhale chinthu chokondweretsa.

2. (a) Kodi Baibulo limachiona motani chakudya chabwino? (b) Kodi ndi mfundo iti imene Malemba amagogomezera ponena za mapwando?

2 Baibulo limavomereza zimenezi. Limanena kuti mitengo ya m'munda wa Edene inali yosangalatsa kuiona ndiponso ya zipatso zabwino. (Genesis 2:9) Mtumwi Paulo anauza anthu olambira mafano a ku Lustra kuti mvula, zokolola, ndi chimwemwe cha munthu amene wakhuta zinali umboni wa ubwino wa Mulungu wamoyo. (Machitidwe 14:15-17) Solomo nayenso anatcha kudya ndi kumwa kwa munthu wogwira ntchito zolimba kukhala mphatso yochokera kwa Mulungu. (Mlaliki 3:12, 13) Motero Mkristu safunikira kudziimba mlandu pamene asangalala ndi chakudya chophikidwa bwino. Koma pali mfundo ina. Pamene Malemba asimba za phwando, kaŵirikaŵiri samataya nthaŵi pa zimene zinali m'mbale. Amasumika maganizo pa anthu: amene anaitanidwa, amene anaiŵalidwa, ndi amene anachititsidwa manyazi. Ndithudi, nkhani ya kudyera pamodzi inatsala pang'ono kugaŵanitsa mipingo iŵiri ya m'zaka za zana loyamba. Chotero njofunika kuipenda mosamalitsa.

Madyerero Olamulidwa ndi Mulungu

3. Kodi ndi makonzedwe otani a m'Chilamulo amene anapatsa mabanja Achiisrayeli mpata wa kudyera pamodzi kutali ndi kwawo?

3 Chilamulo cha Mose chinali ndi makonzedwe amene angadabwitse awo amene amaganiza kuti wolambira Mulungu ayenera kukhala wa nkhope yakugwa. Chaka chilichonse Mwisrayeli anafunikira kupatula chakhumi cha tirigu, vinyo, ndi mafuta ake, limodzi ndi ziŵeto zoyamba kubadwa, ndi kukadyera zimenezo kumalo amene Yehova anasankha. Bwanji ngati ulendowo unali wautali kwakuti sakanatha kusenza katunduyo? Iye analoledwa kugulitsa zinthuzo ndi kunyamula ndalama. Atafika kumaloko, anali waufulu kugula chimene anakhumba, kaya ng'ombe, nkhosa, kapena vinyo, ndi kudya mokondwera limodzi ndi a m'nyumba yake. (Deuteronomo 14:22-26) Talingalirani zimenezo! Banja linachoka pamudzi, kuyenda ulendo, kugula chakudya chabwino, ndi kudyera pamodzi, ndipo Mulungu anaona zimenezo monga njira yophunzirira kumuwopa.

4. Kodi ndani amene sanayenera kuiŵalidwa panthaŵi za madyerero?

4 Koma lamulo limodzimodzilo linawonjezera kuti Mlevi, amene analibe choloŵa cha munda, sanayenera kuiŵalidwa. Ndipo chaka chachitatu chilichonse, chakhumicho chinasungidwa m'midzi kaamba ka Alevi, alendo, ana amasiye, ndi akazi amasiye. (Deuteronomo 14:27-29) Pa Madyerero a Masabata, ndiponso pa Madyerero a Misasa amene anatenga masiku asanu ndi aŵiri, mwini nyumba anayenera kukondwera limodzi ndi ana ake, akapolo ake, ndi osoŵa amodzimodziwo. (Deuteronomo 16:9-15) Zaka mazana ambiri pambuyo pake, anthu osonkhana m'Yerusalemu anagwa misozi pamene Ezara anawaŵerengera Chilamulo. Nehemiya anawauza kuleka kulira, kupita kwawo kukadya ndi kumwa zabwino koposa, ndi kupatulako chakudya kaamba ka awo amene analibe kanthu. (Nehemiya 8:9-12) Kwa Yehova, phwando silinali lokwanira ngati mnansi anagona ndi njala.

5. Kodi Boazi ndi Davide anachita zoposa kungopereka chakudya m'njira yotani?

5 Amuna okhulupirika anamvetsa cholinga cha malamulo ameneŵa. Boazi, mwini munda wolemera wa ku Betelehemu, anaona mkazi wamasiye Wachimoabu akukunkha barele kumbuyo kwa antchito ake. Itakwana nthaŵi ya chakudya, anamuitana kudzakhala pamodzi ndi okololawo namupatsa tirigu wokazinga, kotero kuti Rute anakhuta ndi kusungirako mpongozi wake Naomi. (Rute 2:14, 18) Mofananamo, Mfumu Davide anafunafuna Mefiboseti, mwana wa Jonatani, amene anali wolemala miyendo yonse iŵiri ndiponso mdzukulu wa Sauli, munthu amene anafuna kupha Davide. Mfumuyo inalamula kuti Mefiboseti adzidya pagome lake masiku onse, monga mmodzi wa ana ake. (2 Samueli 9:1-13) Davide akanatha kumangomtumizira chakudya kunyumba. Mwa kumpatsa malo pagome, anambwezera ulemu wake pamaso pa onse.

Yesu Pachakudya

6. Kodi Yesu anasonyeza motani kuti sanali wodzimana zosangalatsa zoyenera?

6 Yesu Kristu sanali munthu wothaŵa macheza. Chozizwitsa chake choyamba anachichita paphwando la ukwati ku Kana, kumene anasandutsa madzi a m'mitsuko yamiyala isanu ndi umodzi kukhala vinyo wabwino. (Yohane 2:1-11) Anapezeka paphwando lalikulu limene Levi anamkonzera, pakati pa khamu la amisonkho, ndipo anadziitana yekha kunyumba ya Zakeyu. (Luka 5:29-32, 19:1-10) Adani ake anamnamizira kuti anali wosusuka ndi woledzera, koma chimene chinawapweteka kwenikweni chinali mtundu wa anthu amene iye anadya nawo. (Mateyu 11:19) Ngakhale ataukitsidwa kwa akufa, Yesu anadikira pagombe la Nyanja ya Galileya ophunzira asanu ndi aŵiri amene anachezera usiku wonse akusodza. Atafika kumtunda anapeza moto wamakala, nsomba ili pamotopo, ndi mkate.—Yohane 21:1-13.

7. Kodi ndi uphungu wotani umene Yesu anapereka kunyumba ya Mfarisi, ndipo nchifukwa ninji unali wachilendo?

7 Tsiku lina la Sabata, Yesu anaitanidwa kukadya kunyumba ya mmodzi wa akulu a Afarisi. Anaona mmene oitanidwawo anali kulimbirana malo aulemu, nawalangiza kusankha malo otsika. Ndiyeno anatembenukira kwa mwini nyumbayo. Anamuuza kuti pokonza chakudya asamaitane mabwenzi, achibale, ndi anansi olemera okhaokha, popeza kuti iwo adzamuitananso ndipo mphotho yake idzathera pomwepo. M'malo mwake, aitane amphaŵi, opunduka, otsimphina, ndi akhungu, amene sangathe kubwezera, pakuti Mulungu ndiye adzabwezera panthaŵi ya chiukiriro. (Luka 14:1, 7-14) Akuluakulu amati kupatsa nkuika, ndipo ambiri amamva mwambiwo m'lingaliro lakuti amene wadya kwanu lero, maŵa mudzakadya kwake. Yesu anasonyeza kuti malo osungika koposa oikapo ali kwa munthu amene sadzatha konse kukuitanani.

8. (a) Kodi Yesu analetsa kudya ndi achibale ndi mabwenzi? (b) Kodi Marita anaphunzira chiyani?

8 Kodi pamenepa Yesu anali kuletsa kudya ndi achibale ndi mabwenzi? Kutalitali. Iye mwini anadya ndi mabwenzi ake okondedwa ku Betaniya masiku oŵerengeka imfa yake isanachitike. (Yohane 12:1, 2) Chimene anatsutsa chinali kuchereza kwa malonda, kumene munthu amaŵerengera phindu asanaitane aliyense. Anawongoleranso lingaliro lakuti mlendo amalemekezedwa ndi kuchuluka kwa mbale. Pamene Marita anatanganidwa ndi kuphika nadandaula kuti Mariya sanali kumthandiza, Yesu anamuuza mokoma mtima kuti zofunika zinali zoŵerengeka, ndi kuti Mariya, amene anakhala pansi kumvetsera, anasankha bwino. (Luka 10:38-42) Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Nzachisoni ngati iye atsazika mwini nyumba akali kukhitchini, asanapeze mpata wa kucheza naye.

Zimene Zinachitika ku Korinto ndi ku Antiokeya

9. Kodi ndi mwambo wotani umene unalipo pamapwando a Aroma?

9 Akristu oyambirira anakhala pakati pa anthu amene anagwiritsira ntchito chakudya kusonyezera kusiyana kwa maudindo. Wolemba nkhani Wachiroma Pliny Wamng'ono, amene anakhalako chakumapeto kwa zaka za zana loyamba ndi kuchiyambi kwa zaka za zana lachiŵiri C.E., anasimba m'kalata ina za phwando limene anapitako. Mwini nyumbayo ndi anthu oŵerengeka anapatsidwa zakudya zapamwamba, pamene ena onse analandira zotsika mtengo. Vinyo anagaŵidwa m'magulu atatu: wa mwini nyumba ndi alendo olemekezeka, wa mabwenzi wamba, ndi wa akapolo omasulidwa. Pliny ananyansidwa nazo. Iye analongosola kuti kunyumba kwake onse anapatsidwa zofanana, ndi kuti zimenezo sizinamuwonongere ndalama zambiri chifukwa chakuti iye mwini anamwa vinyo amene akapolo omasulidwawo anamwa. Ngati munthu wosadziŵa Yehova anaona kuipa kwa tsankho limeneli, kuli bwanji otsatira a Kristu?

10. Kodi Paulo anadzudzula chiyani mumpingo wa ku Korinto?

10 Komabe, mzimu umenewu unaloŵa mumpingo wa ku Korinto. Cha m'ma 55 C.E., Paulo analembera Akristu a kumeneko kuti misonkhano yawo inali kuwavulaza m'malo mwa kuwathandiza. Posonkhana kaamba ka Mgonero wa Ambuye, ena anali kudya chakudya chawo osadikira anzawo, kotero kuti wina anali ndi njala pamene mnzake anali ataledzera. Paulo sanawaimbe mlandu wa kukhala ndi chakudya chabwino. Mlandu wawo unali wa kupeputsa mpingo wa Mulungu ndi kuchititsa manyazi awo amene analibe kanthu. (1 Akorinto 11:17-22, 33, 34) Mwachionekere, abale opeza bwinowo sanaone cholakwa chilichonse, popeza kuti anali kungochita zimene anthu onse a mumzindawo anazoloŵera. Koma mbale wosauka, mwinamwake kapolo amene anafika mochedwa atamaliza ntchito ya mbuye wake, anaona zonse.

11. Kodi chinachitika nchiyani ku Antiokeya, ndipo nchifukwa ninji Paulo sanachione mopepuka?

11 Ku Antiokeya wa ku Suriya vutolo linali la fuko. Mtumwi Petro anali kudya momasuka ndi Akristu osakhala Ayuda. Koma atafika amuna ena ochokera ku Yerusalemu, iye anayamba kudzipatula chifukwa cha kuwopa zimene iwo akanena. Ayuda ena anamtsanzira, ndipo ngakhale Barnaba anatengeka nawo. Petro sanaphunzitse chiphunzitso chonyenga ndi pakamwa pake. Anangosintha malo okhala panthaŵi ya chakudya. Komabe, Paulo anamdzudzula pamaso pa onse, pakuti mchitidwewo unatsutsana ndi choonadi cha uthenga wabwino. (Agalatiya 2:11-14) Mipingo yambiri lerolino ili ndi anthu a mafuko ndi zinenero zosiyanasiyana, ena a iwo obwera kudzafuna ntchito kuchokera kumaiko oyandikana. Mkristu angachite bwino kudzifunsa kuti: 'Kodi ndi liti pamene ndinadya ndi mbale wa fuko lina kapena wa dziko lina?'

12. Kodi mapwando achikondi anali otani, ndipo anafunikira kutetezeredwa ku chiyani?

12 Pamene zinthu zinayenda bwino, kudyera pamodzi kunalimbitsa ubale. Ophunzira a m'Yerusalemu anadyera m'nyumba za wina ndi mnzake mwachimwemwe ndi moona mtima. (Machitidwe 2:46) Cha m'ma 197 C.E., Tertullian wa ku Carthage analongosola mapwando achikondi a m'tsiku lake. Ananena kuti anayamba ndi pemphero ndi kutha ndi pemphero, kuti osoŵa anathandizidwa nawo, ndi kuti opezekapo anadya ndi kumwa mwachikatikati. Ngakhale kuli tero, macheza abwino angaipitsidwe. Yuda anachenjeza za anthu amene anafika pamapwando oterowo akumadzisamalira iwo eni okha, nawayerekezera ndi ngozi yobisika. (Yuda 12) Chotero funso silili lakuti kaya Akristu ayenera kudyera pamodzi, koma lakuti ndi mzimu wotani umene umalamulira pamene atero.

Pamene Akristu Apita ku Lesitilanti

13. Kodi kudyera kumalo ogulitsa chakudya nkwatsopano? Longosolani.

13 Kudyera kumalo ogulitsa chakudya sikunayambe lero. Mumzinda wa Pompeii ku Italy, umene unakwiririka pamene phiri la Vesuvius linaphulika mu 79 C.E., ofukula za m'mabwinja apeza timashopu tambirimbiri togulitsa chakudya chophikaphika. M'kashopu kena kamene anakasonyeza poyera mu 2020, anapezamo zotsalira za bakha, nkhumba, mbuzi, nsomba, ndi nkhono. Chochititsa chidwi nchakuti m'masiku amenewo anali makamaka anthu wamba, amene ambiri a iwo analibe khitchini, amene anadyera kumalo otero, pamene olemera anadyera kunyumba. Lerolino, m'maiko ambiri, zinthu zinatembenuka. Kupita ku lesitilanti kumafuna ndalama zimene ambiri alibe. Kunena zoona, kumakhala ndi mapindu ake. Mkazi amene amaphika tsiku ndi tsiku amapumulako, ndipo banja lokhala m'chipinda chimodzi limapeza malo ochezera ndi mabwenzi. Koma mtengo wake ungamange mpanda pakati pa abale.

14. Kodi macheza a ku lesitilanti angapweteke motani ena popanda wofuna kutero?

14 Talingalirani chochitika chonga ichi. Msonkhano wa mpingo watha, ndipo mabanja angapo agwirizana zokadya ku lesitilanti. Akukambitsirana mokweza mawu za kumene adzapita ndi zimene adzadya. Chapafupi paima mlongo wamasiye ndi ana ake aŵiri, amene akukonzekera kuyenda pansi kubwerera kwawo. Palibe amene wamnenera choipa. Komabe, ngati zimenezi zichitika mlungu ndi mlungu, ndipo gululo limakhala la anthu amodzimodziwo nthaŵi zonse, kodi iye ndi ana akewo adzalingalira chiyani ponena za malo awo mumpingo? Kapena lingalirani za mbale amene ntchito inamthera. Iye waitanidwa, koma akupereka chodzikhululukira, popeza kuti sakudziŵa amene adzalipira ndipo akuchita manyazi kufunsa. Palibe lamulo limene laswedwa, koma kodi zimenezi sizikufanana ndi zimene Paulo anadzudzula ku Korinto?—Yerekezerani ndi Yakobo 2:1-4.

15. Kodi woitana ndi woitanidwa angasonyeze motani kulingalira ena pankhani ya ndalama?

15 Chikondi chimapeza njira. Woitana angachotse nkhaŵa mwa kunena poyambirira penipeni kuti iye ndiye adzalipira, kapena kuti aliyense adzadzilipirira. Gulu lingasankhe malo amene wosauka koposa pakati pawo angakwanitse, kapena mabanja aŵiri angasonkherane mwakachetechete kuti atenge mkazi wamasiye kapena wokalamba. Nayenso woitanidwa ali ndi thayo. Sikukakhala kukoma mtima kusankha chakudya chokwera mtengo koposa kokha chifukwa chakuti wina ndiye akulipira, kapena kufika ndi anthu ena amene sanaitanidwe. Ndiponso, mutu wa banja sayenera kukongola ndalama, kapena kudya ndalama ya lendi ndi ya fizi ya ana, pofuna kuoneka wofanana ndi ena. (Miyambo 22:7, 1 Timoteo 5:8) Malinga ndi kunena kwa Miyambo 15:17, ndiwo zamasamba pakati pa anthu okondana zimaposa nyama ya ng'ombe yonenepa pakati pa anthu odana.

16. Kodi Mkristu ayenera kuchita motani ndi operekera zakudya, ndipo bwanji ponena za pemphero?

16 Pali munthu winanso pafupi ndi gomelo amene amaiŵalika mosavuta: woperekera zakudya. Iye angakhale ataimirira kwa maola ambiri kaamba ka malipiro ochepa. Kumkalipira chifukwa chakuti chakudya chachedwa, kapena kumuitana mwachipongwe, sikumayenerana ndi lamulo la Yesu la kuchitira ena zimene munthu angakonde kuchitiridwa. (Mateyu 7:12, Akolose 4:6) Ngati bilu yalakwika mokomera wodya, Mkristu woona mtima adzanena, podziŵa kuti kaŵirikaŵiri wantchitoyo ndiye angaimbidwe mlandu. (Ahebri 13:18) Kumene kuli chizoloŵezi cha kusiya ndalama yoyamikira, iye sadzaumira. Bwanji za pemphero? Paulo anayamika Mulungu kaamba ka mkate pamaso pa anthu onse m'chombo chimene munali anthu 276. (Machitidwe 27:35-37) Chotero palibe chifukwa chochitira manyazi. Panthaŵi imodzimodziyo, pemphero lachidule ndi lachete nloyenera kuposa lochitira kuti anthu aone.—Mateyu 6:5.

Chikumbumtima ndi Kudziletsa

17. Kodi uphungu wa Paulo wonena za nyama yoperekedwa kwa mafano umathandiza motani posankha malo odyera?

17 Malo enieniwo alinso nkanthu. M'mabwinja a Korinto, pafupi ndi kachisi wa Asklepios, mulungu wa kuchiritsa, munapezeka zipinda zitatu zodyeramo zokhala ndi mipando yamiyala yotsamirapo. Anthu anali kuchitira mapwando awo m'malo onga ameneŵa. Paulo anauza Akristu kuti anali aufulu kugula nyama pamsika ndi kudya kunyumba ya wosakhulupirira popanda kufunsa mafunso ambiri. Koma anachenjeza kuti mbale wa chikumbumtima chofooka angakhumudwe ngati aona Mkristu mnzake akudya m'kachisi wa fano. (1 Akorinto 8:9-13, 10:25-29) Lerolino malo ena ogulitsa chakudya amadziŵika kwambiri ndi uchidakwa, nyimbo zonyansa, kapena uhule. Chakudya chake chingakhale chokoma ndi chotsika mtengo, koma Mkristu adzalingalira zimene achichepere ndi achatsopano angaganize pomuona akuloŵa mmenemo.

18. Kodi lingaliro lachikatikati la zakumwa zoledzeretsa nlotani?

18 Baibulo limatchula vinyo pakati pa mphatso zimene zimasangalatsa munthu, koma limatsutsa kuledzera mosapita m'mbali. (Salmo 104:14, 15, Miyambo 23:29-35, Aefeso 5:18) Chenjezo limeneli nlapanthaŵi yake. Bungwe la World Health Organization linanena kuti mu 2019 moŵa unachititsa imfa za anthu 2.6 miliyoni padziko lonse. Pagulu, munthu angamwe mopitirira zimene akanamwa ali yekha, makamaka pamene ena akumuumiriza. Woitana wanzeru samakakamiza aliyense, ndipo samafunsa mlendo chifukwa chake wakana. Mwinamwake mlendoyo analimbana ndi uchidakwa kwa zaka zambiri asanakhale Mkristu. Ngati pali wotero pagomepo, chikondi chingasonkhezere onse kusamwa konse patsikulo. (Aroma 14:21) Ndiponso, amene adzayendetsa galimoto pobwerera wanyamula miyoyo ya banja lake ndi ya anthu ena apamsewu.

19. Kodi nchifukwa ninji Akristu amapeŵa kususuka ndi kutaya chakudya?

19 Malemba amaika wosusuka m'gulu limodzi ndi chidakwa. (Miyambo 23:20, 21) Kususuka sikumapimidwa ndi kukula kwa thupi, pakuti munthu wowonda angakhale wosusuka ndipo wonenepa angakhale wodziletsa. Iko kuli umbombo wa mumtima, umene umachititsa munthu kudzaza mbale yake osalingalira za amene ali kumbuyo kwake pamzera. Kutaya chakudya kulinso nkhani yofunika kuilingalira. Nthambi ya United Nations yoona za chilengedwe inaŵerengera kuti mu 2022 chakudya choposa matani 1 biliyoni chinatayidwa, ndipo 28 peresenti ya chimenecho chinatayidwa m'malo ogulitsa chakudya chophika. Yesu, amene anali wokhoza kuchulukitsa mikate, analamula ophunzira ake kutolera zotsala atadyetsa khamu la anthu, ndipo zinadzaza mitanga 12. (Yohane 6:10-13) Kuitanitsa zimene munthu angathe kumaliza, ndi kutenga zotsala kupita nazo kunyumba, kumasonyeza ulemu kwa Wopereka chakudyayo.

Chimene Chimakometsa Chakudya

20. Kodi makambitsirano angawonjezere motani phindu la chakudya?

20 Anthu amaiŵala msanga zimene anadya, koma amakumbukira kwa nthaŵi yaitali zimene zinanenedwa. Chakudya chokoma chingaipe ndi miseche, kapena ndi munthu mmodzi amene amalankhula yekha kuyambira pachiyambi kufikira pamapeto. (Miyambo 17:1, Aefeso 4:29) Chingazizirenso pamene aliyense waŵeramira pa foni yake. Komatu nthaŵi ya chakudya ili mpata wabwino wakuti makolo amve zimene zili mumtima mwa ana awo, ndi wakuti achichepere afunse okalamba mmene anaphunzirira choonadi ndi mmene anapiririra ziyeso. (Deuteronomo 6:6, 7) Sikuti macheza alionse ayenera kusanduka ulaliki. Kuseka kuli ndi nthaŵi yake. (Mlaliki 3:4) Koma ngati mlendo wamanyazi wafunsidwa funso lokoma mtima namvetseredwa, iye amapita kwawo atakhuta m'njira ziŵiri.

21. Kodi nchifukwa ninji osauka sayenera kuganiza kuti sangathe kuchereza alendo?

21 Bwanji za Mkristu amene sanaloŵepo mu lesitilanti ndipo alibe chiyembekezo cha kutero? Iye sali wotsalira m'kanthu kalikonse. Mkazi wamasiye wa ku Zarefati anali ndi ufa wodzaza dzanja limodzi ndi timafuta pang'ono pamene anachereza Eliya, ndipo Yehova anamsamalira kufikira chilala chitatha. (1 Mafumu 17:8-16) Yesu ananena kuti ngakhale madzi akumwa operekedwa kwa wophunzira wake sadzaiŵalika. (Mateyu 10:42) Nsima ya nkhwani wotendera, chikho cha thobwa, kapena mbatata yootcha yodyera pamphasa zingagwirizanitse mitima mofanana ndi phwando lalikulu. Ndipo abale opeza bwino ayenera kuvomera chiitano chotero mwachimwemwe. Kukana nthaŵi zonse kudya kwa wosauka, ngakhale m'dzina la kumchitira chifundo, kungammane chimwemwe cha kupatsa.—Machitidwe 20:35, 1 Petro 4:9.

22. Kodi ndi phwando lotani limene Yehova walonjeza, ndipo Akristu angasonyeze motani kuti akuliyembekezera?

22 Kupyolera mwa mneneri Yesaya, Yehova anayerekezera madalitso amene adzapatsa anthu ndi phwando la zakudya zabwino koposa ndi vinyo wosungidwa bwino. Oitanidwa ake ndiwo anthu a mitundu yonse. Panthaŵiyo imfa idzachotsedwa, misozi idzapukutidwa, ndipo chitonzo cha anthu ake chidzatha. (Yesaya 25:6-8) Palibe ndi mmodzi yemwe wa oitanidwawo amene angathe kubwezera Mwini phwandolo. Onse ali ngati Mefiboseti pagome la mfumu. Chotero pamene Mkristu akonzanso chakudya, kaya panyumba kapena kwina, angachite bwino kuyang'ana pa mpingo wonse ndi kudzifunsa kuti: 'Kodi ndani pakati pa abale ndi alongo ameneŵa amene sanaitanidwepo ndi aliyense chaka chino?' Kuwonjezera mpando umodzi kaamba ka munthu ameneyo kudzakondweretsa Yehova, amene amapatsa onse mooloŵa manja.

Kodi Mungayankhe Motani?

□ Kodi Chilamulo cha Mose chinagwirizanitsa motani kusangalala ndi chakudya ndi kusamalira osoŵa?

□ Kodi Yesu anatanthauzanji pa Luka 14:12-14?

□ Kodi ndi zolakwa zotani zimene zinachitika ku Korinto ndi ku Antiokeya?

□ Kodi Akristu angasonyeze motani chikondi ndi kudziletsa pamene akudya ku lesitilanti?

□ Kodi nchifukwa ninji kuchereza alendo sikumadalira pa chuma?